Zanzibar mu July: zomwe zinayankhulidwa pa msonkhano wathu wa Loweruka

Anzanga, ambiri mwavotera Zanzibar pa ulendo wa chaka chamawa, ndiye tiyeni tikambirane zomwe tikukapezako tisanayambe kusonkha ndalama. Ena mukungoganiza za gombe ndi zithunzi za pa Facebook, ndikudziwa. Gombe tili nalo ku Mangochi. Ngati tikuwoloka nyanja yamchere, tikaone zomwe kwathu kulibe.

Ndikupempha kuti tipite mu July. Kwathu kumakhala kuli chisanu, koma ku Ulaya ndi nyengo yotentha ndiponso ya tchuthi, choncho alendo amakhamukira ku chilumbachi ndipo malo ogona amadula. Komabe nthawi imeneyi ndi ya zikondwerero. Mu June kapena July kumachitika ZIFF, chikondwerero cha mafilimu. Amaonetsa usiku, panja, mkati mwa linga lakale la Ngome Kongwe ku Stone Town. Mukatuluka, mungodumpha msewu mwafika ku Forodhani, kumene amaotcha nyama ndi nsomba, kufinya madzi a nzimbe inu mukuona. Funsani mtengo musanadye, aise, chifukwa ukatafuna kale sunenerera.

Koma chomwe ine ndikufuna kwambiri ndi Mwaka Kogwa, ku Makunduchi, kummwera kwa chilumbachi, chakumapeto kwa July. Ndi chaka chatsopano cha Ashirazi, mwambo womwe mizu yake ili ku Persia, ndipo umatenga masiku anayi. Amuna amagawikana mbali ziwiri n'kumakwapulana ndi mitengo ya nthochi. Si ndewu ya ku bawo ayi. Aliyense amatulutsa mangawa a chaka chonse pabwalo, anthu akuona, kuti chaka chatsopano achiyambe mtima uli mbee. Amayi atatchena amazungulira bwalo akuimba nyimbo zonyogodola amunawo. Kenako sing'anga amayatsa kanyumba ka makuti, anthu n'kuyang'ana komwe utsi ukulowera kuti adziwe za chakacho. Pomaliza ndi chakudya, ndipo mlendo sakanizidwa mbale.

Apa ndiye pali nkhani. Inu mumamva bwanji mlendo akaima kutsogolo kwa Gule Wamkulu ndi foni, akuseka ngati akuonera katuni? Musakachite zomwezo kwa eni ake. Pemphani musanajambule munthu. Anyamata, musakalowe m'bwalo kukayesa mphamvu popanda kuitanidwa. Anthu ambiri ku Zanzibar ndi Asilamu, choncho m'tauni ndi m'midzi valani zobisa mapewa ndi mawondo. Atsikana, chitenje chisasowe m'chikwama. Anyamata, malaya musavulire mumsewu.

Tsiku limodzi tidzalisiyira Mkunazini. Pamenepo panali msika wa akapolo womwe unatsekedwa mu 1873, ndipo pamalopo anamangapo tchalitchi cha Anglican cha Christ Church. Ena mwa anthu amene anagulitsidwa pamenepo anali a kwathu konkuno. Jumbe wa ku Nkhotakota ankawawolotsa nyanja yathu pa zombo, n'kuyenda nawo pansi mpaka ku Kilwa, kenako Zanzibar. M'tchalitchimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa ku Chitambo, womwe pansi pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone. Pafupi pomwepo pali zipinda zapansi, zothina, zamdima. Tsiku limenelo sipika ya nyimbo idzatsale kogona.

Okonda nyimbo, kafunseni za taarab. Dzina la Bi Kidude, gogo woimba uja anamwalira mu 2013, mukalimva ponseponse. Sauti za Busara imachitika mu February, ndiye imeneyo tiiphonya.

Ulendo wake ndi wa basi: Mzuzu, Karonga, chipata cha Songwe, Mbeya mpaka Dar es Salaam, kenako boti la maola pafupifupi awiri. Ndi wautali, msana udzamva. Amene mulibe pasipoti yambani kuthamangira pano, musadikire June. Msungichuma abweretsa kope la zopereka Loweruka likubwerali, ndipo aliyense abwere atadziwa kale mawu khumi a Chiswahili.