Ana a pa Bwalo Limodzi: Kukumbukira Caka ca 2024

Usiku uno ndifuna kukamba nanu za caka cimodzi ca moyo wa m'banja mwathu, ndipo ndasankha caka ca 2024, pakuti ndico cinatiyesa ife tonse amene tiri ndi ana ang'ono. Akulu a Boma amawerenga caka ndi ndalama ndi matumba a cimanga. Kholo limawerenga mwa njira yina: mano angati amera, nsapato ziti zacepa, ndi masiku angati amene tinacezera usiku wonse cifukwa mwana watentha thupi.

Nyumba yathu iri ku Matero, kufupi ndi malire a George. Matero ndi komboni yakale, yomangidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, koma eni nyumba ambiri anaonjezera zipinda za lendi kuseri, kotero kuti pamene panakonzedwera banja limodzi lero pakhala mabanja angapo. Pa bwalo lathu tinalipo mabanja asanu, mpopi umodzi, cimbudzi cimodzi, ndi ana 11. Atatu mwa iwo ndi anga. Panthawiyo mnyamata anali ndi zaka 7, mlongo wace zaka 4, ndipo wamng'ono anali khanda la miyezi 8.

Caka cinayamba ndi mantha. Nthenda ya kolera inabuka mu Lusaka m'mwezi wa October 2023, ndipo mvula itayamba inafalikira msanga. Cifukwa cace si cobisika. Pansi pa mbali yaikuru ya mzinda uno pali mwala wa laimu wa ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi sali patali. Ku malo onga Kanyama, kumene dziko liri lathyathyathya, mvula ikagwa madzi a m'zimbudzi zokumba amalowerera m'zitsime zosaya zimene anthu amamwa. Pofika January odwala anacuruka kotero kuti bwalo la mpira la National Heroes Stadium, limene siliri kutali ndi kwathu, linasandutsidwa cipatala. Mnyamata wanga anali atandiumiriza nthawi yaitali kuti ndikamuonetse a Chipolopolo m'bwalo limenelo. Tsono anaima pa mseu nawerenga maambulansi opita komweko. Nthendayo isanathe inagwira anthu oposa 20,000 m'dziko lonse, nipha oposa 700.

Masukulu anayenera kutsegulidwa pa 8 January. Tsikulo linasunthidwa kufika pa 29 January, ndipo linasunthidwanso kufika pa 12 February. Taganizirani, ana 11 pa kabwalo kamatope, masabata asanu opanda sukulu!

Poyamba banja liri lonse linayesa kudzipulumutsa lokha. Nyumba iri yonse inalamula ana ace kuti asadye kwa anzao, asamwe madzi a kwa anzao, ndipo asaturuke. Lamulo limeneli nlosavuta kulinena kwa anthu okhala m'nyumba za mipanda ku Kabulonga. Koma m'komboni mwana amadya pamene nsima yapsa, ndipo amagona pamene tulo tamupeza. Pasanathe masiku atatu ana onse anapezeka kuseri kwa nyumba alikudyerana bango limodzi la mcewere, wina kuluma, wina kuluma.

Amene anatithandiza ndi amai okalamba, eni ace a bwalo. Tsiku la Sabata titaweruka ku chalichi anatiitana tonse pansi pa mtengo, nati, "Ana anga, cimbudzi ncimodzi, mpopi ngumodzi, nchenche nazonso sizidziwa citseko ca munthu. Mwatseka zitseko kuti mutsekere ciani?" Panalibe woyankha. Tsiku lomwelo tinapangana kuti banja liri lonse lisonkhe ndalama za sopo ndi mankhwala a klorini othira m'madzi akumwa. Tinapacika cigubu ca madzi pa khomo la cimbudzi. Amai anagawana masiku otsuka, napangananso kuti cimbudzi ca makanda cizitayidwa nthawi yomweyo, pakuti ambiri amayesa kuti ca khanda ciribe matenda, pamene ciri nao monga ca wamkuru. Ife abambo tinapatsidwa nchito yofukula ngalande ndi kukweza pakamwa pa cimbudzi ndi njerwa kuti madzi a mvula asalowemo. Ana analoledwa kudyera pamodzi monga kale, koma cakudya ca moto cokha, ndipo atasamba m'manja ndi madzi othirirana, osati m'mbale imodzi.

Mnyamata wanga anaikidwa kukhala kapitao wa cigubu. Sindinaonepo mfumu yokhwimitsa lamulo ngati iyeyo. Bambo wina wa pa bwalo, amene amakonda kubwera usiku atalawako, anabwezedwa kawiri ndi kamwana ka zaka 7 kuti akasambe m'manja, ndipo anabwerera ndithu, alikung'ung'udza.

Phindu la pangano lija tinaliona usiku wina kumapeto kwa January. Zipupa za zipinda za lendi nzopyapyala, ndipo kawirikawiri timadandaula nazo. Usiku umenewo mkazi wanga anandidzutsa, nati, "Atate ace a mwana, tamverani, kuseriku mwana alikusanza." Anali mnyamata wa zaka ziwiri wa anansi athu. Atate wace amagwira nchito yaulonda usiku, ndipo amai ace, mtsikana wamng'ono ndithu, anali okha, alikudikira kuti kuce. Kolera sadikira kuca. Amapha pokhetsa madzi a m'thupi, ndipo mwana wamng'ono angathe kuuma pa maola owerengeka. Mkazi wanga anatenga lita imodzi ya madzi owiritsa, nathiramo timasupuni 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mcere. Amai amene muli kumvera, muyeso umenewu muusunge pamtima. Madzi amenewa sacotsa kufunika kwa cipatala, koma amasunga mwana pa njira. Ine ndinakagogoda kwa mnzathu woyendetsa takisi, ndipo njira yonse mwanayo anali kumwetsedwa pang'ono pang'ono. Anakhala ku cipatala masiku anai. Lero ndi iye amene amaswa mawindo athu ndi mpira.

Si onse anabwerako. Mkuru wina amene anali ndi kantemba pa mphambano, kumene ana athu amagula masiwiti, anatengedwa m'mawa wina ndipo sitinamuonenso. Omwalira ndi kolera amaikidwa msanga, popanda kugonera maliro monga mwa mwambo wathu. Mtsikana wanga anandifunsa, "Atate, nanga bwanji sitinapite kukalira ambuya a masiwiti?" Ndinamuuza kuti matenda aja salola anthu kusonkhana. Iye anati, "Tsono alira ndani?" Madzulo amenewo amai a pa bwalo anayimba nyimbo ziwiri za maliro ali pa makomo ao, ndipo ana anakhala cete kumvera.

Katemera wakumwa anafika m'makomboni mwezi womwewo wa January, ndipo ana onse opitirira caka cimodzi anamwa, nkhope zitakwinyika. Masukulu atatsegulidwa tinapuma. Koma pamene tinali kukondwera kuti matope auma, sitinadziwe kuti kuuma komweko ndilo tsoka laciwiri. Mvula inaleka pakati pa dzinja, cimanga ciri pafupi kumasula. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cagwetsa dziko m'tsoka. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi a cimanga anapserera.

Ife a m'tauni timayesa kuti munda sutikhudza, koma ambiri a ife timadya za kumudzi. Caka ndi caka, mwezi wa June ukafika, apongozi anga a ku Katete amatitumizira pa basi matumba a cimanga ndi nsawa. Caka cimeneco katundu anayenda cobwerera: ndife tinatumiza ufa kumudzi. Potsiriza tinaona kuti nkwabwino apongoziwo abwere adzakhale nafe, popeza mphika umodzi umapepuka kuposa iwiri. Mabanja ena a pa bwalo analeka kugula thumba la ufa nayamba kugula timapaketi tija timachedwa pamela, tokwanira nsima ya tsiku limodzi. Palibe anacita kulengeza, koma amai anayamba kuphika phala la ana mumphika umodzi waukuru, uyu kubweretsa ufa, uyo nsinjiro, wina shuga.

Njala ya mwana wamng'ono sioneka ndi maso msanga. Imaoneka pa kadi la ku sikelo. Kwa miyezi iwiri mzere wa khanda lathu unaleka kukwera, unangoyenda cogona. Mwezi wacitatu ndinapita nalo ndine, cifukwa amai ace anali pa mzere wa madzi. Pa amai oposa makumi asanu, abambo tinalipo awiri, ndipo tinapatsana moni ngati anthu okomana ku dziko lacilendo. Anamwino anandilangiza bwino: phala likhale lolimba, osati lamadzi, muthiremo nsinjiro, kapenta wosinja kapena dzira, mwana adye kanai kapena kasanu pa tsiku m'mbale yaceyace, kuti akuru asamudyere, ndipo asaleke kuyamwa. Abambo anzanga, ndinena mosabisa. Ambiri a ife timadziwa zigoli za timu ya ku England, koma sitidziwa kulemera kwa mwana wathu. Kadi lija silinalembedwe kuti nla amai okha. Ndipo bambo amene waona mzere wogona ndi maso ace sacedwa kupeza ndalama ya mazira.

Cilala cinatilandanso kuunika. Magetsi ambiri a dziko lino amacokera ku madzi, makamaka ku damu la Kariba limene linamangidwa pa mtsinje wa Zambezi pakati pa 1955 ndi 1959. Nyanja itaphwa, magetsi anayamba kuzimitsidwa maola 8 pa tsiku m'mwezi wa March, ndipo pofika September anali maola 17, masiku ena kuposa apo. Akabwera pakati pa usiku, bwalo lonse limadzuka: wina kusita yunifomu, wina kutereka nyemba, wina kuthamangira ku mpopi, pakuti madzi naonso amabwera ndi magetsi. Makala anakwera mtengo. Pano ndicenjeze: m'miyezi yozizira ya June ndi July musagone ndi mbaula ya moto m'cipinda cotseka. Mpweya wace sununkha, koma umapha anthu ali m'tulo, ndipo ana ndiwo amayamba.

Koma mdima uja unatibweretsera cinthu cimene sindinaciyembekeze. Wailesi ya kanema itakhala cete, ana anasowa cocita madzulo, ndipo ambuya ao anayamba nthano. Usiku woyamba anali ana anga okha. Pofika sabata yaciwiri ana onse 11 amakhala pa mphasa pakhomo pathu, ndi akuru ena ataima capatali ngati alikungodutsa. Ambuya akati, "Padangotero," ana amayenera kuvomera, "Tiri tonse," koma ana a mu Lusaka sanadziwe zimenezi, ndipo anaphunzitsidwa ngati a Giredi 1. Cinyanja ca ana athu ncosakaniza ndi Cibemba ndi Cingerezi, ndipo ambuya amadabwa naco monga anawo amadabwa ndi Cicewa cao. Mtsikana wanga anafunsa kuti nkhokwe nciani, popeza cibadwire anali asanaione. Ambuya anagwira pakamwa, natembenukira kwa ine, nati, "Apongozi, ana awa mwawalera bwanji?" Mawa lace anatenga timitengo ndi udzu namumangira kankhokwe kakang'ono pambali pa nyumba, ndipo ana anasungamo zitsekero za mabotolo.

M'mdima momwemo mnyamata anaphunzira kuwerenga. M'kalasi mwace munali ana ambiri, pakuti kuyambira 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu, makolo ambiri anatumiza ana amene kale amakhala pakhomo. Mphunzitsi mmodzi sangamvere mwana ali yense. Tsono madzulo, nthano zisanayambe, mtsikana wa Giredi 7 wa nyumba yoyandikana nafe amasonkhanitsa ang'ono pa nyale ya dzuwa nawawerengetsa. Mau oyamba amene mwana wanga anawerenga yekha anali olembedwa pa thumba la ufa. Khanda nalo linayamba kuyenda m'mwezi wa July, ndipo mapazi ace oyamba sanalunjike kwa ine kapena kwa amai ace, koma kwa amai aja a mwana wodwala, amene anali atanyamula mbatata.

Mvula itagwa kumapeto kwa caka, ana anavula malaya nabvina pabwalo. Ife akuru tinayang'ana kumwamba mokondwa, kenaka tinayang'ana ku cimbudzi, ndipo Loweruka lomwelo abambo tinatenganso mafosholo. Ambuya sanafune kucedwa ngakhale tsiku limodzi. Tinawaperekeza ku Intercity ndi thumba la mbeu, ana atatu alikulira, ndi ena asanu ndi atatu amene si adzukulu ao alikuliranso. Dzinja limenelo linakoma. Dziko limene mu 2024 linakolola matani 1.5 miliyoni okha a cimanga linakolola oposa 3.6 miliyoni mu 2025, ndipo m'mwezi wa June matumba a ku Katete anafikanso. Pamwamba pa thumba limodzi panali kamtolo ka nsawa, ndi uthenga wakuti zimenezi nza m'nkhokwe ya mdzukulu.

Nthawi yanga yatha. Gonani bwino nonse.