Agogo sanagwe pa lichero, akudwala

A kwa Mwase, a kwa Kapichila, a kwa Mphamba, ndakuonani. A kwa Magodi ndi a kwa Zumwanda, boma linakupatsani Chasefu ndi Lumezi mu 2018, koma m'holo muno tonse ndife a ku Lundazi. Ndilankhula Chichewa cha kwathu kwa Mwase podziwa kuti a Chitumbuka mumachimva bwinobwino.

Ndapempha nthawi ino kuti tikambe za thumba lathu. Maliro akachitika kumudzi, foni imalira usiku, uthenga umazungulira pa WhatsApp, ndipo lisanalowe dzuwa ndalama ya bokosi, ufa ndi galimoto imakhala itafika pa Airtel Money kapena MTN. Ntchito imeneyi timaigwira bwino ndipo isaleke. Koma alipo makolo athu amene amadwala zaka 5, 8, ngakhale 10 asanatisiye, ndipo zaka zonsezo thumba lathu limakhala lomanga. Ndikunena matenda a dementia, oiwalaiwala aja.

Ambiri muno matendawa mumawadziwa ndi manja anu. Ena mwabwera kuno molunjika kuchokera ku shifiti ya usiku m'nyumba zosamalira okalamba za ku Leeds, Bradford ndi Manchester. Mwasambitsa agogo a eni ake, mwawadyetsa, mwawayankha funso limodzimodzi kakhumi osakwiya. Mukudziwa kuti dzuwa likapendeka amasowa mtendere, amatenga chikwama n'kuima pakhomo kuti akupita kwa amayi awo, amayi amene anamwalira kalekale. Muno mu Britain odwala otere alipo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo palibe amene amawaponya mwala.

Tsono mayi yemweyo timutengere kwathu. Tambala asanalire kachiwiri agogo amadzuka, chitenje chimatsala pamphasa, amatsegula chitseko. M'mutu mwawo akadali mtsikana, ndipo amayi awo awatuma kuchitsime. Amadutsa dimba mumdima, amawoloka kamtsinje, kukacha amapezeka kuseri kwa nkhokwe ya mudzi wina, ali mbulanda, mapazi ali magazi ndi minga, akunjenjemera ndi chisanu cha mu Juni. Ana amakuwa, anthu amaunjikana. "Mwafika bwanji kuno?" Agogo sakudziwa. "Munabwera pa lichero?" Amayang'ana nkhope zaukalizo, amaona kuti pakufunika yankho, amati, "Eya." "Mwana wa uje uja munadya ndinu?" "Eya." Basi, anthu amati yaulula yokha. Inu ogwira ntchito imeneyi mukudziwa kuti munthu amene ubongo wake wafika pamenepo amavomera chilichonse chimene wamuikira m'kamwa, makamaka akachita mantha.

Mmene zimathera tonse tinamvapo. Ku Neno ku Malawi, mu Januwale 2016, okalamba 4 anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mphezi itapha mtsikana. Ngati nkhalamba zoti mutu ukugwira zimaphedwa chonchi, nanga amene sangathe n'komwe kutchula dzina lake adzamuteteza ndani?

Dementia si ukalamba wamba. Tonse timadziwa nkhalamba za zaka 90 zimene zimatchula mbumba yonse osaphonya ndi mmodzi yemwe. Awa ndi matenda, ubongo umawonongeka pang'onopang'ono. Mtundu wofala kwambiri unatenga dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene mu 1906 anaunika ubongo wa mayi wina yemwe anamwalira atasokonezeka maganizo kwa zaka zingapo, n'kupezamo timibulu ndi timaulusi topiringizana tomwe timapha maselo. Mtundu wina umabwera mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikatsekeka, nthawi zina chifukwa cha masitiroko ang'onoang'ono oti mwini wake sanawamve. Kuiwala kwake kumayenda monga kutha kwa chimanga m'nkhokwe: chimene chinathiridwa pomaliza ndicho chimayamba kutha, cha pansi chimatsala. N'chifukwa chake agogo amakumbukira bwinobwino chaka chimene ankamanga Castle Hotel pa Boma, koma nsima imene adya masana omwewa aiwala, ndipo amauza alendo kuti mpongozi akuwamana chakudya.

Wina anganene kuti amenewo ndi matenda a azungu. Bungwe la WHO limati mu 2021 padziko lonse panali anthu 57 miliyoni odwala dementia, ndipo oposa 60 pa 100 alionse anali m'maiko osauka ndi apakatikati. Bungwe la Alzheimer's Disease International linawerengera kuti kumwera kwa chipululu cha Sahara analipo 2.13 miliyoni mu 2015, ndipo pofika 2050 adzakhala 7.62 miliyoni, chifukwa anthu athu ayamba kukhala ndi moyo wautali. M'boma la Hai ku Tanzania, m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro, ofufuza anayeza alimi a zaka 70 kupita m'tsogolo, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2013 zinaonetsa kuti pafupifupi mmodzi mwa 16 alionse anali ndi matendawa. Amenewo ndi anthu a khasu ngati makolo athu. Werengani nkhalamba za mumpingo mwanu kumudzi, muone kuti mmodzi mwa 16 akugwera ndani.

Pali kafukufuku wina amene amandisowetsa tulo chifukwa akunena za ife tili muno. Kuyambira mu 1992, Hugh Hendrie ndi anzake ku America, mogwirizana ndi madokotala a ku Nigeria monga Adesola Ogunniyi, anatsatira okalamba a Chiyoruba ku Ibadan ndi okalamba akuda a ku Indianapolis. Mu 2001 analengeza kuti a ku Indianapolis ankayamba dementia mowirikiza kawiri ndi kupitirira poyerekeza ndi a ku Ibadan. Mwa zifukwa zimene anaziganizira panali BP, shuga ndi mafuta a m'magazi, zimene zinali zochuluka kwa a ku America aja. Ife tinasiya nkhwani wotendera ndi ulendo wa kumunda, tikudya zokazinga usiku pakati pa shifiti, tikuyenda pa basi ndi pagalimoto. Nkhaniyi si ya agogo okha.

Chaka cha 2024 gulu la akatswiri la magazini ya Lancet, lotsogozedwa ndi Gill Livingston wa ku London, linatchula zinthu 14 zotheka kusintha, n'kunena kuti titazigonjetsa zonse, pafupifupi 45 pa 100 ya matendawa ingapewedwe kapena kuchedwetsedwa. Zambiri mwa izo n'zapakhomo pathu. BP imene sipweteka mpaka tsiku limene munthu wagwa m'munda. Shuga, fodya, kachasu. Kugontha m'makutu kumene timangoti ndi ukalamba, mpaka agogo amaleka kucheza chifukwa sakumva. Ng'ala ya m'maso yoti opareshoni yaifupi ikanaichotsa. Kuvulala m'mutu, ndipo apa ndikuganiza za anyamata athu othamanga pa njinga zamoto mumsewu wa ku Lusuntha opanda helemeti. Kusiya sukulu msanga kulinso pamndandandawo, ndipo ndibwererako.

Mankhwala ochiza palibe, kuno kapena kwathu. Alipo monga donepezil amene amathandiza ena kwa kanthawi. Atsopano otchedwa lecanemab analoledwa muno mu Ogasiti 2024, koma bungwe la NICE linakana kuti NHS iziwagula, ponena kuti phindu lake n'lochepa poyerekeza ndi mtengo wake. Ngati Britain yawaona kudula, tisadikire kuti afika ku Lundazi posachedwa. Dziko lathu la Zambia linayamba kuphunzitsa madokotala akeake a ubongo ndi mitsempha ku chipatala cha UTH mu 2018, ndipo ndi chiyambi chabwino. Koma zipatala za UTH ndi Chainama zili ku Lusaka, makilomita opitirira 700 kuchokera pa Boma, ndipo kukweza munthu wosokonezeka basi ya tsiku lonse ndi chizunzo.

Komabe musamve ngati ndikuti kuchipatala kulibe phindu. Munthu amene dzulo anali bwino, lero sakudziwa ana ake, ameneyo si dementia ayi. Akhoza kukhala malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga yotsika, kapena magazi oundana m'mutu atagwa. Zimenezo zimachizika, ndipo afunika kufika ku kiliniki kapena ku chipatala cha pa Boma tsiku lomwelo. Ngakhale kuiwala kobwera pang'onopang'ono nthawi zina kumayamba ndi kusowa kwa vitamini B12, chindoko chakale, HIV yosalandira mankhwala, kapena chisoni chachikulu cha munthu woferedwa. Asanapite kwa sing'anga kukafunsa amene wawalodza, ayambe aonedwa ndi a chipatala.

Tsopano ndifike pa munthu amene ndaimirira pano chifukwa cha iye. WHO imati maola 70 pa 100 alionse osamalira odwala dementia amagwiridwa ndi akazi. Kwathu ameneyo ndi mlongo wathu amene ukwati unatha, kapena mpongozi, kapena mdzukulu wa pasukulu. Amayala mphasa yake mopingasa pakhomo kuti agogo akafuna kutuluka usiku amuponde adzuke. M'mamawa ali pachitsime ndi mabulangeti odetsedwa, sopo ndi kachidutswa. Sangapite kumunda, pakuti akangochoka agogo amasonkha moto pafupi ndi udzu. Nshawa za anzake zikukumbidwa, zake zikumera m'nthaka. Kumaliro sapita, kutchalitchi sapita. Ndiye tsiku lina agogo amabisa ndalama imene tinatumiza, amaisomeka kudenga, amaiwala, n'kulira pa foni kuti awabera. Ena a ife, tili kuno kofunda, timaimba foni n'kumukalipira mwana uja. Amene wasenza zonse ndiye amatchedwa wakuba. Ndipo ngati ndi mdzukulu, sukulu imathera pomwepo, chikhalirecho boma linachotsa malipiro a sukulu mu 2022. Tamutayitsa tsogolo, ndiponso malinga ndi a Lancet aja, tamuika pangozi ya matenda omwewo akadzakula.

Makolo anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ine ndikuti ngakhale atakuiwala dzina, ndi mako ndithu, ndipo amene akumusambitsa m'malo mwako ndi woyenera ulemu ndi malipiro.

Pempho langa ku bungwe lino nali. Pambali pa thumba la maliro tikhale ndi thumba la odwala nthawi yaitali, aliyense aziponyamo mapaundi 5 pamwezi. Ndalamayo izipita m'manja mwa wosamalira mwini wakeyo, osadzera kwa amalume a pa Boma. Igule sopo, pulasitiki yoyala pogona, tochi, loko ya pamwamba pa chitseko, ndiponso ilipire mayi wina wa m'mudzi wodzakhala ndi agogo masiku awiri pa sabata kuti wosamalira apume, alime, mwana apite kusukulu. Tigulenso makina oyezera BP, tikawapereke kudzera ku ofesi ya zaumoyo ya boma kuti afike m'makiliniki a kumidzi, okalamba aziyezedwa asanagwe.

China sichifuna ndalama. Zimene munaphunzira pantchito kuno, kwathu sizinafike. Mlongo wanu sakudziwa kuti agogo akafunsa za agogo aamuna amene anamwalira, kuwauza kuti anafa n'kuwaliritsa maliro atsopano tsiku lililonse. Bwino kuwafunsa kuti anakumana nawo kuti, iwo azisimba. Sakudziwa kuti kukangana nawo kumangowonjezera ukali, kuti nyimbo za kutchalitchi zimene anaimba ali ana zimawakhazika mtima pansi, kuti kuwapatsa nshawa aziswa kapena nyemba azisankha kumawagwira pamalo kuposa chingwe. Kumangirira munthu kumtengo kuleke. Amene amachita zimenezo nthawi zambiri si ankhanza, atopa ndipo palibe anawaonetsa njira ina. Tijambule mauthenga aafupi a mawu, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, oti aziyenda pa foni. Tikapemphe nthawi pa Radio Chikaya, makamaka cha pa 21 Sepitembala, tsiku lokumbukira matenda a Alzheimer padziko lonse. Bungwe la Alzheimer's Disease and Related Dementias in Zambia lilipo kale, tililembere tigwirane nalo manja.

Ndipo amene mukupita kumudzi chaka chino, musathere pa Boma. Kaoneni a nyakwawa, kagwadeni kwa mafumu, kakhaleni pansi ndi abusa a CCAP, a RCZ, ansembe ndi amayi a chigwirizano. Lamulo la ufiti la dziko lathu, la mu 1914, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Lamulolo lilipo, koma m'mamawa uja kuseri kwa nkhokwe wapolisi sakhalapo. Pamakhala a nyakwawa. Iwo akanena kuti mufunditseni chitenje mayiyu, mupatseni phala, tumani mwana wa njinga akafunse midzi yoyandikana ngati asowa agogo, anthu amabalalika. Sitikupita kukatsutsana ndi anthu pa zimene amakhulupirira. Tikupita kukawauza kuti pali matenda otere, zizindikiro zake ndi izi, ndipo aliyense akhoza kudwala, mfumu ndi m'busa omwe.

A tcheyamani, ndikupempha kuti nkhani ya thumbali ilowe m'ndondomeko ya lero ndipo tiivotere tisanabalalike. Anamwino ndi nonse ogwira ntchito yosamalira okalamba, tikatha kudya tikumane kumbuyo kuja ndi a mlembi, tilembe maina, tigawane kuti ndani ajambula za Chichewa, ndani za Chitumbuka. Amene muli ndi kholo lodwala chonchi kumudzi ndipo simufuna kunena pagulu, mundipeze pandekha.