Mau a Mlembi pa Chikondwerero: Botolo la Chimanga



Pa tsiku la chikondwerero timazoloŵera kuŵerenga za ndalama ndi za odwala amene tidaŵayendera. Lero tifuna kunena za moŵa, pakuti vutoli siliri kwa abambo okha. Liliponso pakati pa ife ovala yunifolomu. Boma lidaletsa moŵa wa m'masacheti m'chaka cha 2015, koma kachasu akutchezedwabe m'midzi mwathu.

Mmodzi mwa ife watilola kufotokoza za moyo wake, koma dzina sititchula. Mayiyu adayamba kutcheza kachasu kuti apeze fizi ya ana. Poyamba ankangolaŵa kuti amve ngati wapsa. Kulaŵako kudasanduka kumwa, mpaka ana ankagona ndi njala mayi ali thapsa pakhonde. Ife tidampitira ndi mau odzudzula okhaokha, ndipo tivomere kuti sitidamthandize.

Tsiku lina mwana wake wamng'ono adapsa ndi phala pamoto iye ataledzera. Apo mpamene adakhala pansi nakonza njira yakeyake.

Choyamba, adagulitsa mbiya ndi paipi yotchezera, ndalamayo nayamba kukazinga zitumbuwa. Chachiŵiri, adasiya njira yachidule yopita kuchigayo chifukwa imadutsa pamalo omwera, nayamba kuyenda yozungulira. Chachitatu, adaona kuti chilakolako chimamgwira dzuŵa likapendeka, ntchito zikatha. Nthaŵi imeneyo ankamwa thobwa la tsiku lomwelo, osati logonetsa, napita kukasenda nyemba kwa mnzake. Chachinayi, adatsuka botolo limene ankayezera kachasu, ndipo usiku uliwonse akagona wosamwa ankaponyamo njere imodzi ya chimanga atapemphera.

Masiku oyamba adali oŵaŵa. Manja ankanjenjemera, thukuta lili kamukamu, tulo osabwera. Apa tichenjezane, amayi. Munthu amene wamwa kwambiri zaka zambiri akasiya mwadzidzidzi angathe kukomoka ngati wakhunyu, kapena kuona zinthu zimene palibe, makamaka tsiku lachiŵiri ndi lachitatu. Zimenezi si ziŵanda kapena ufiti ayi, ndi thupi limene lidazoloŵera moŵa, ndipo zingathe kupha. Mthamangitseni kuchipatala. Mnzathuyu tidamperekeza, adalandira mankhwala, nakhala bwino. Ofuna chithandizo chapadera adziŵe kuti chipatala cha St John of God ku Mzuzu chimathandiza anthu ofuna kusiya moŵa.

Patapita miyezi inayi adagwa. Kudali kumaliro a mchimwene wake, wina adampatsa chipanda, iye nalandira. M'maŵa mwake adabwera kwa Amayi Busa akulira, botolo lili m'manja, nati akakhuthule chimanga chonse kwa nkhuku. Amayi Busa adati, “Iyayi mayi, masiku aŵa mudaŵapambana kale. Lero lokha musaponyemo.” Kuyambira pamenepo adaonjeza lamulo lachisanu: kumaliro ndi kuzinkhoswe sakhala yekha, amakhala pafupi ndi mmodzi wa ife. Mutu umodzi susenza denga.

Njere zitakwana 365 adakazidzala kuseri kwa nyumba yake. Chimanga chokazinga chimene tidye lero masana chachokera m'kamunda kameneko.

Sitikunena kuti aliyense atsate njira yomweyi. Mayiyu adapambana chifukwa adadziŵa yekha malo, nthaŵi ndi anthu amene amamgwetsa. Wina adzakonza yake yosiyana. Ntchito yathu ndi kufunsa kuti, “Tikuthandizeni pati?” Tisamseke mnzathu, tisamnene pachitsime, ndipo akagwa tisafulumire kumvula yunifolomu m'mitima mwathu.

Ngati alipo pano amene akulimbana ndi moŵa, kapena amuna ake, kapena mwana wake, aonane ndi Amayi Busa tikaŵeruka. Nkhani yake idzasungidwa mwachinsinsi.

Ambuye adalitse Chigwirizano chathu.