Za Nthenda Youmitsa Khosi: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka

Mwandipempha kuti ndinene za nthenda youmitsa khosi, imene madokotala aitcha meningitis.

Bongo wa munthu ndi mtsempha waukulu wa mu msana zikutidwa ndi kachikopa kopyapyala. Tizilombo tosaoneka ndi maso tikalowa m'menemo, kachikopako katupa, ndipo pakuti chigaza sichifutukuka, bongo upanikizika. Ndicho chifukwa chake wodwala amva mutu waukulu, atentha thupi, asanza, adana ndi kuwala, ndipo khosi liuma kotero kuti chibwano sichifika pa chifuwa. Ena abwebweta, ena akomoka. Tizilomboti tiyenda m'malovu ndi m'chifuwa, makamaka pamene anthu agona mothithikana, monga pa siwa kapena m'nyumba zogona ana a sukulu.

Khanda silinena kuti mutu ukundipweteka, ndiponso khosi lake kawirikawiri siliuma. Likana bere, lilira kosatonthozeka kapena lingofooka, ndipo liwombo litukumuka. Pamenepa ndi pamene tilakwa ambiri a ife. Agogo athamangira kumata mankhwala pa liwombo, atsibweni ayamba kufunsa amene wachita chipongwe pamudzi, ndipo tsiku lipita. Koma nthendayi ikhoza kupha munthu tsiku limodzi lisanathe. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, liti mwa anthu 6 ogwidwa ndi mtundu woopsa wa nthendayi mmodzi amwalira, ndipo mwa 5 mmodzi atsala ndi chilema, monga kugontha, khunyu kapena kufooka kwa ziwalo. Kuno kwathu chiwerengero chidakhalapo choposa pamenepo: pa kafukufuku wa ana 598 ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa m'chaka cha 2002, pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse anamwalira.

Tsono ndifike pa nkhani imene ndidziwa kuti ambiri muiopa, ndiyo kutenga madzi a pamsana. Mumva anthu akuti, uje adamtenga madzi a pamsana ndipo m'mawa mwake adatisiya. Abale anga, wodwalayo adafika mochedwa, nthenda itamtha kale. Singano ingosenza mlandu wa mwini wake. Malungo aakulu ndi nthenda youmitsa khosi zifanana kwambiri pa maso, ndipo dokotala azilekanitsa poyesa madziwo. Kukana ndiko kumanga manja a munthu amene afuna kukuthandizani. Mankhwala alipo, monga jekeseni wa ceftriaxone, koma mphamvu yake ioneka akaperekedwa msanga. Chotero musadikire kuti kuche, kapena kuti mwini mbumba abwere kuchokera ku Chipata. Mangani ngolo, funani njinga yamoto, pitani ku chipatala chimene muyandikana nacho. Iwo akaona kuti yakula adzakutumizani ku Boma ku Mchinji kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Za katemera tiyenera kuthokoza. M'chaka cha 2002 dziko lathu linayamba kupereka katemera wa kachilombo kotchedwa Hib, ndipo mu November 2011 linawonjeza wa pneumococcus, kamene kayambitsanso chibayo. Mwana alandira ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Mayi wolekeza pa ulendo woyamba chifukwa cha ntchito ya fodya kapena kukumba mtedza wamsiya mwanayo pa theka la njira. Mafumu, kafukufukeni makadi a sikelo m'midzi yanu.

Ulipo mtundu wina umene ugwira akulu amene thupi lafooka ndi HIV. Uwu ubwera mwakachetechete, mutu kupweteka masabata angapo, munthu nangomwa panado. Madokotala a ku Blantyre ndi Lilongwe anathandiza kuyesa njira yofupika yochizira mtunduwu, ndipo WHO inaivomereza m'chaka cha 2022. Amene ali pa ma ARV asalekeze, ndipo mutu wosamva mankhwala akaunene ku chipatala sabata lomwelo.