Chiwindi, chuku ndi kachilombo ka hepatitis B

 Lero tikambe za chiwindi.

Chiwindi chimadwala mwakachetechete. Munthu amatha zaka 20 ali ndi kachilombo ka hepatitis B, akulima bwinobwino. Maso akamachita chikasu, mimba n'kudzaza madzi, ndiye kuti chiwindi chinauma kale. Apa m'pamene timati amulodza, n'kumutema mphini ndi lumo lomwe latemera anthu ena. Lumolo ndi njira ya kachilomboka, pamodzi ndi kugonana kopanda kondomu ndi magazi a mayi pobereka.

Kuyambira 2005 ana athu amalandira katemera wake kusikelo pa masabata 6, 10 ndi 14. Akuluakulufe tinabadwa katemerayu asanabwere, choncho tikafunse zoyezetsa magazi kuchipatala cha boma ku Chongwe. Mankhwala alipo, dzina lake tenofovir, piritsi limodzi patsiku. Sathetseratu kachilomboka koma amakagonetsa, ndipo mu 2024 bungwe la WHO linafewetsa malamulo kuti anthu ambiri aziyamba kumwa msanga. Inu amene muli pa ma ARV, nthawi zambiri tenofovir amakhala momwemo. Ngati muli ndi tizilombo tonse tiwiri, HIV ndi hepatitis B, kusiya ma ARV kungautse hepatitis B mwaukali, chiwindi n'kutupa.

Tsono nkhani imene imandiwawa ine ili m'nkhokwe. Mukukumbukira agalu aja anafa mu 2024, boma n'kulengeza kuti m'ufa wina munali poizoni wa aflatoxin? Poizoniyo amachokera ku chuku cha pa chimanga ndi nshawa. Kuphika sikumupha, kukazinganso ayi. Akakumana ndi hepatitis B m'thupi limodzi, khansa ya chiwindi imayandikira kwambiri, ndipo ambiri amafika ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka mochedwa. Nanga ife timatani? Nshawa zabwino timatumiza ku Soweto Market, zofota ndi zowola timasinja nsinjiro n'kuthira m'phala la mwana. Amayi anga, zimenezo tayani, ngakhale nkhuku musazipatse. Musawaze madzi pa nshawa kuti zifewe poswa. Yanikani pamphasa, osati padothi, ndipo chimanga chilowe m'thumba chitauma gwa. Za Aflasafe, mankhwala ochepetsa poizoniyu owaza m'munda mbewu zisanachite maluwa, funsani alangizi a zaulimi.

Abambo, kachasu pa chiwindi chodwala kale ayi ndithu. Amene akufuna kukayezetsa atsale tikamaliza, tipangane tsiku lopitira limodzi.