Mwala Uyesedwe Usanalowe M'maziko



Ife a ku Phalombe mphamvu ya madzi otsika m'phiri timaidziwa. Mu Malichi 1991 Napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba, misewu ndi milatho, moti ku Nkhulambe kunali kosafikika. Pamene tikumanganso, pempho langa ndi limodzi: mwala uliwonse wopita m'maziko a mlatho kapena a sukulu uziyamba wayesedwa. Miyala ya ku Michesi ndi ku Mulanje njolimba mwachibadwa, koma imene yakhalitsa pamvula ndi padzuwa imafumbwa, ngakhale maso aziiona ngati yabwinobwino. Chida choyesera chilipo, hamala imene injiniya wa ku Switzerland, Ernst Schmidt, anakonza mu 1948 kuti aziyesera konkire, ndipo pambuyo pake akatswiri a miyala anayamba kuigwiritsanso ntchito. Mukaikanikiza pamwala, kachitsulo kam'kati kamamenya n'kunjanja, ndipo kunjanjako kumaonetsa nambala. Mwala wolimba umabweza kachitsuloko mwamphamvu, wofumbwa umameza nkhonyayo nambala n'kutsika.

Ena anena kuti mmisiri wodziwa ntchito amangogogoda mwala n'kumva kulira kwake. Nzoona, ndipo luso limenelo ndimalilemekeza. Koma khutu la mmisiri sililembedwa mu lipoti. Kontirakitala akabweretsa kwale wosayenera, komiti ya m'mudzi imutsutsa ndi chiyani? Nambala yolembedwa m'buku, pali tsiku ndi malo, ndiyo mboni imene khonsolo ingaimve. Ena anenanso kuti hamalayi imangomva pamwamba pa mwala, za m'kati sizidziwa. Apanso akunena zoona, ndipo mwala wonyowa, wosweka kapena wogwedera umapereka nambala yabodza. N'chifukwa chake mumayamba mwapala pamalopo, hamala n'kuiimika molunjika, n'kumenya malo ambiri oyandikana, osakhulupirira nkhonya imodzi. Pantchito yaikulu ngati mlatho, zidutswa za mwalawo zipitebe ku labotale kukaphwanyidwa ndi makina, ndipo akatswiri a Geological Survey ku Zomba afunsidwe. Hamala ingotithandiza kusankhiratu pamalo pomwepo miyala yoyenera kutumiza, ndi kubweza yofumbwa lole isanatsitse.

Chida chimenechi sichilosera Napolo, chifukwa iye amabwera dothi la m'phiri likakhuta madzi. Ntchito yake ndi ya pamaziko. Choncho ndikupempha khonsolo kuti igule mahamala amenewa, iphunzitse oyang'anira ntchito zomanga, ndipo kontirakitala asalandire malipiro ake asanaonetse zotsatira za kuyesako.