Yambani ndi tupa: zimene anatiuza agogo a ku wekishopu

(Loweruka lapitali kalabu yathu inalandira mlendo, bambo amene anagwira ntchito ya ufita pa fakitale ina ya tiyi kuno ku Thyolo mpaka kupuma. Kwa inu amene munajomba chifukwa cha mpira, nawa mawu awo monga tinawalembera.)

Ine si munthu wa zoyankhulayankhula ayi, ndinazolowera phokoso la makina, ndiye ndikayamba kukuwa mundikhululukire.

Atandipeza kunyumba anzanuwa anati, agogo, kalabu yasonkha kandalama, tikufuna tigule makina owotcherera. Ine ndinawafunsa kuti mwa inu nonse ndani angadule chitsulo mowongoka ndi sowo? Anangoyang'anana. Ndiye lero ndabwera kudzakukhumudwitsani pang'ono: makinawo muyambe mwadikira.

Tsiku limene ndinalowa mu wekishopu ndili mnyamata, kapitawo sanandilole kukhudza makina alionse. Anandipatsa kachitsulo, tupa ndi sikweya, n'kunena kuti kachitsulo aka kakhale kofanana mbali zonse. Ndinapala mpaka manja matuza okhaokha. Ndikapita nako, amakagunditsa pa sikweya, kuyang'ana kudzuwa, kuwala kukadutsa pakati basi, bwerera. Ndinkamutukwana chamumtima bambo ameneyo, Mulungu andikhululukire. Koma nditafika pa lathe, makina aja amazunguza chitsulo iwe n'kumachisema, ndinapeza kuti maso ndi manja anga anadziwa kale kuti milimita imodzi ndi yaikulu bwanji. Mu fakitale, shafti ikachepa pang'ono chabe, bering'i imagwedera, makina amaima, ndipo tiyi amene amayi anu athyola tsiku lonse amawonongeka ali pompo. Tsamba silidikira fita.

Nditapuma ntchito ndinkaganiza kuti zitsulo ndathana nazo. Sabata ziwiri zokha, ndinayamba kuyabwidwa m'manja. Panopa kuseri kwa nyumba ndili ndi kashedi ka malata anayi. Muli vayisi imene ndinagula yakale ku Limbe, matupa atatu, sowo ya zitsulo, hamala, dirilo yamagetsi, ndi veniya yoyezera. Veniyayo ndiye ndimagona nayo kuchipinda, mayi anu akunyumba amati ndi mkazi wanga wachiwiri. Poyamba zinali zongocheza nazo. Ndinapanga loko wa khola la nkhuku, kenako chigayo chaching'ono choperera mtedza. Anthu anayamba kubwera okha.

Ndikuuzeni za mpeni, chifukwa apa ndi pamene pali nzeru zambiri. Nonse mukudziwa kuti mvula ikatha, kuthyola kumachepa, aganyu ambiri amaimitsidwa, ndipo m'miyezi yozizira ntchito imene imakhalapo ndi yodulira tiyi. Alimi ang'onoang'ono amafuna mipeni ndi zikwanje. Chitsulo chabwino cha mpeni simuchipeza mu shopu, chili pa sipuling'i yakutha ya galimoto, ija yaphanthiphanthi. Chitsulo cha geti kapena cha mawindo n'chofewa, olo muchiwotche bwanji sichilimba. Cha sipuling'i chimalimba chifukwa chili ndi kaboni wambiri.

Mumachiika pa makala, n'kumapemerera ndi mvukuto. Wanga ndinapanga ndi gudumu la njinga ndi kafani. Chikafiira mumasula, kenako mumapala ndi tupa mpaka chioneke mpeni. Tsono polimbitsa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Tengani maginito a mu sipika yakufa. Wotchani mpeniwo mpaka maginito asiye kugwira, zimenezi zimachitika kutentha kukafika cha m'ma 770 digiri. Onjezerani moto pang'ono pokha, kenako viikani mu oyilo, osati m'madzi. Madzi amaziziritsa mwaukali ndipo chitsulo cha sipuling'i chimang'aluka. Ine ndinataya mipeni ingapo ndisanamvere zimenezi. Oyiloyo akhale m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivundikiro pafupi, chifukwa amatha kuyaka.

Mukatero mpeni walimba, koma walimbitsa, uli ngati galasi. Mukaugwetsa pa simenti uthyoka. Ndiye mumaupukuta ndi sandipepa mpaka uwale, n'kuufunditsanso pang'onopang'ono kuchokera kumsana, maso ali pa mtundu. Ukayamba kuoneka ngati udzu wouma wa mu Ogasiti, chotsani. Chikwanje mumachipitiriza mpaka chiyambe kubiriwira ngati buluu, chifukwa chimamenya mitengo, chimafunika chizipirira. Onani, zonsezi magetsi a ESCOM sanalowepo. Azime, asazime, inu ntchito ikuyenda. Makolo athu ankasula makasu ndi nkhwangwa pa chipala fakitale isanabwere kuno, sikuti ndi nzeru zachizungu.

Lathe ndilibe, mtengo wake si wa munthu wa penshoni. Koma tinthu ting'onoting'ono ndimasema ndithu. Ndimamanga dirilo pa vayisi mogoneka, kachitsulo ndimakaika pamene pamalowa chiboolero, kakamazungulira ndimakagunditsa tupa. Mapini, mabushi a wilibala, tizitsulo ta mabuleki a njinga za kabaza, zimatuluka bwinobwino. Tupalo likhale ndi chigwiriro, apo ayi likabwerera likulowani m'dzanja. Ndipo kuyeza, ana anga, kuyeza. Mukafuna kudula mazinga a bawuti ya M8, bowo lake ndi 6.8 milimita. Ya M10 ndi 8.5. Mukaboola ndi 8 kapena 10 poganiza kuti nambala ndi yomweyo, bawuti ingolowa ngati chala m'mphika. Lembani manambala amenewa pakhoma.

Tsopano taonani dzanja ili. Ayi, musaope, yang'anani. Zaka zonse za ku fakitale ndinatuluka ndi zala khumi. Ichi chinapita kunyumba kwanga, pa shedi yanga, ndili ndi imvi kale. Disiki ya galayinda yaing'ono inatha, ndipo mnzanga anandipatsa yotsala ya galayinda yaikulu. Bowo lapakati ndi lofanana, ndiye inalowa, kungoti ndinachotsa chotchingira kuti ikwane. Galayinda yaing'ono imazungulira ka 11,000 pa mphindi imodzi, pamene disiki yaikulu ija ya 230 milimita anailembera cha m'ma 6,600. Ndinkadziwa. Ndinangoti ndi kamphindi kochepa. Inaphulika ndisanamalize n'komwe kudula. Chidutswa china chinaboola lata la denga, mpaka lero pamadontha, ndipo sindimatapo dala.

Ndiye mukadzagula makina anu aja, zinthu izi musadzaiwale. Musawotcherere mgolo kapena thanki imene munali petulo, olo ikhale youma chaka chonse. Utsi wa chitsulo chokutidwa ndi zinki, monga mapaipi oyera aja ndi malata, umadwalitsa, gwirirani panja. Magalasi akuda a dzuwa a pa msika si owotcherera, usiku wake mudzalira ngati wina wakuthirani mchenga m'maso. Atsikana, ntchito iyi ndi yanunso, ndipo amene ndinawaonapo amapala mosamala kuposa anyamata, koma chitenje, mpango wolendewera ndi mesh yaitali zisayandikire chinthu chozungulira. Anyamata, mphete ndi tcheni vulani.

China ndi ichi, ndipo ndinena mosabisa. Munthu akakubweretserani waya wa kopa, zitsulo za pa mlatho, za njanji kapena za pa mjigo pa mtengo wozizira, mubwezeni. Mukudziwa kumene wazitenga. Apolisi akabwera sapeza iyeyo, apeza inu ndi katundu pa shedi. Zitsulo zakutha zogula mwachilungamo zilipo ku magalaja a pa Boma, ku Luchenza, ku Bvumbwe, ndipo mukafika ku Ndirande mudzaona anthu akupanga mbaula, ndowa ndi mafelemu a zitseko kuchokera ku zinthu zimene ena anataya. William Kamkwamba wa ku Kasungu uja anapanga makina ake a mphepo mu 2002 ndi zotola ngati zomwezi.

Sindikunamizani kuti mulemera. Ine shedi imandipatsa ya sopo, ya ndiwo, nthawi zina ya feteleza. Amene akufuna pepala, ndipo pepala ndi lofunika, TEVETA ilipo kuyambira 1999, Soche Technical College ili pa Limbe pomwepa. Ngakhale amene mitima yanu ili kale pa basi ya ku Joni, ndibwino kukatsika kumeneko mukudziwa kuwerenga veniya.

Pempho langa kwa a tcheyamani ndi ili. Pa ndalama mwasonkhazo, gulani vayisi imodzi, matupa anayi, sowo ziwiri, sikweya ndi magalasi oteteza maso. Yotsalayo isungeni. Loweruka likubwerali 8 koloko ndidzakhala pa shedi, ndikhoza kulandira anthu asanu ndi mmodzi, atatu akhale atsikana. Aliyense abwere atavala nsapato zotseka, za mapatapata ndidzabweza. Tizitsulo ndadula kale, aliyense kake.

Ndipatseniko madzi.